Kochi Anasenza Mlandu Wanga

1

Chaka chatha, mukanafunsa aliyense mumsewu wathu kuti ndani anatsala pang'ono kupha mwamuna wanga, akanakuyankhani osaphethira: kochi wake. Kwa milungu isanu anthu ankanena zimenezi ine ndili pomwepo, ndipo ndinkangogwedeza mutu. Lero ndatopa n'kugwedeza mutu. Ndikuuzani mmene zinayendera, koma mundilole ndiyambire pachiyambi.

Ndine telala. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu m'kachipinda kakumaso kwa nyumba yathu. Kachipindako poyamba sikanali kosokeramo. Tinakapaka penti yachikasu tikuyembekezera mwana wathu woyamba. Mwanayo anabadwa osalira. Tinabwerako kuchipatala ndi chikwama cha matewera chosatsegula n'komwe.

Mwamuna wanga amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa simenti ndi malata, ndipo anzake anangomutcha Simenti. Anali munthu wanthabwala. Ankatha kundiseketsa mpaka kudzibaya ndi singano. Koma titabwerako kuchipatala kuja, nthabwala zonse zinauma. Ine ndinalowetsa makina osokera m'kachipinda kachikasu kaja n'kudzitsekeramo. Iye anapita ku jimu kukanyamula zitsulo. Za mwanayo sitinakambiranepo ngakhale tsiku limodzi. Aliyense analowa kuuna kwake.

Chaka choyamba ankanyamula yekha, mongoonera anzake ndi mavidiyo a pafoni. Anadzipweteka phewa kawiri. Atalowa kampikisano kena koonetsa minofu, anamaliza kumapeto kwenikweni. Anthu ankamuseka kuti kumtunda ndi chipupa, koma miyendo ndi timitengo ta machesi.

Atabwera kunyumba anakhala pampando osavula nsapato.

"Ndikufuna kochi," anatero. Sankauza ine. Ankauza khoma.

2

Kochiyo anabwera kunyumba kwathu Loweruka lina masana. Ndinkayembekezera chimphona, koma pakhomo panaima bambo wamfupi wadazi, wazaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wotsimphina mwendo wakumanzere. Jekete yake inali yosuluka. Mikono yokha ndi imene inkachitira umboni kuti kale anali katswiri wampikisano umenewu.

Anandipatsa moni mwaulemu, n'kutulutsa kasikelo kakang'ono koyezera zakudya.

"Mayi, ndamva kuti ophika pano ndinu. Ndiye theka la ntchito yanga lili m'manja mwanu," anatero akumwetulira. "Minofu imakula ku jimu, koma imaonekera kukhitchini."

Kenako anatembenukira kwa mwamuna wanga, nkhope itasintha.

"Simenti, tamvera. Mpikisano waukulu watsala ndi milungu khumi ndi isanu ndi umodzi. Malamulo anga ndi atatu. Loyamba, uzidya zimene ndalemba, osawonjezera, osachotsera. Lachiwiri, mapiritsi ndi majakisoni ayi. Ndinakwirirapo mnzanga chifukwa cha zimenezo, sindikufuna kukwirira wina. Lachitatu, ikadzatsala milungu isanu ndi umodzi ndidzakuyang'ana. Thupi likadzakhala lisanafike pamene ndikufuna, chaka chino sitikalowa. Sindithamangitsa munthu kumanda chifukwa cha chikho."

"Ndamva, a Kochi."

"Wamva kapena wangovomera?"

"Ndamva."

Anamupatsa mapepala. Mlendo atapita, mwamuna wanga anandipatsa pepala limodzi, ndipo ndinalimata pakhoma pafupi ndi mbaula. Linali lolembedwa bwino ndi cholembera chabuluu: mpunga magalamu akutiakuti, nyama ya pachifuwa ya nkhuku yochotsa khungu, mazira owiritsa, masamba ofutsa opanda mafuta. Kasanu ndi kamodzi patsiku.

Ndisaname, ndinasangalala. Ndinkati mwina ntchito imeneyi itibweza pamodzi. Munthu akamadya za m'manja mwako kasanu ndi kamodzi patsiku, angalephere kukuyang'ana kamodzi?

3

Analephera.

M'mawa uliwonse ndinkayeza chakudya pakasikelo kaja, n'kulongedza m'timabokosi ta pulasitiki tisanu ndi kamodzi. Iye ankatitenga m'chikwama n'kupita. Ankadya foni ikalira, ataimirira, kuntchito kapena ku jimu. Ine ndinkadya ndekha pambali pa makina, mbale ili pamiyendo, wailesi ikundilankhulira. Akabwera madzulo ankasamba, n'kuima pagalasi la kuchipinda atavala kabudula yekha, akutembenuka uku ndi uku. Galasi limenelo linkamudziwa mwamuna wanga kuposa ine.

Lamlungu nalonso ankapita.

"Abambo, ngakhale lero?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Ndi pulogalamu ya a Kochi, amayi. Mukufuna ndiphwanye?"

Ndiyenera kunena chilungamo apa. Ntchito ya kochi uja inkaoneka. Phewa lija linasiya kupweteka. Miyendo ija inayamba kudzaza thalauza mpaka ndinachita kumasula msoko. Kochi anamuphunzitsa kuima, kupuma, kutembenuka pamaso pa oweruza. Munthu amene ankangonyamula zitsulo mwaukali ngati akumenyana nazo anayamba kuchita zinthu mwanzeru. Koma chilichonse chimene chinkawonjezeka pathupi lake chinkachoka m'nyumba mwathu. Ndinayamba kudana naye mkulu wadazi uja. Ndikamva mawu akuti "a Kochi anena," mtima unkachita kuwira.

Mlungu wachinayi linafika tsiku limene mwana wathu akanakwanitsa zaka ziwiri. Ndinatseka makina masana n'kuphika kakeke kakang'ono. Sindinalembepo kanthu. Ndinangokaika patebulo, mbale ziwiri, mafoloko awiri.

Atalowa anaima pakhomo, maso pa keke.

"Ichi n'chiyani?"

"Mwaiwala kuti lero ndi liti?"

Ndinaona kuti sanaiwale. Koma anayang'ana kumbali.

"Mukufuna kundiwonongera ntchito yonseyi chifukwa cha keke?"

Anatsegula kabokosi kake komaliza n'kukadyera pakhonde. Ine ndinakhala patebulo paja mpaka dzuwa linalowa. Ndinadya chidutswa chimodzi, china chonse ndinapatsa galu wa aneba.

Zimene ndinaganiza nditakhala patebulo paja ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

4

Kuyambira mlungu wotsatira, zinthu zinaima. Kuti minofu ionekere bwino pasiteji, munthu amayenera kusungunula mafuta a m'thupi pang'onopang'ono. Mwamuna wanga ankakwera sikelo m'mawa uliwonse, koma nambala sinkatsika. Mimba imene inayamba kugawikana inabwerera kusalala.

Kochi anachepetsa mpunga. Palibe. Anamuwonjezera kuyenda wapansi ola lathunthu. Palibe. Mwamuna wanga anayamba kupsa mtima ndi chilichonse, ngakhale chitseko chikalira.

Lachitatu lina m'mawa, ndikudula nsalu ya masiketi, ndinamva kugogoda. Anali kochi, atanyamula thalauza.

"Zipi yandikana, mayi. Akuti inu ndi dokotala wa zimenezi."

Ndinamupatsa kampando. Pamene ndinkatula zipi yakale, iye ankangoyang'ana makoma achikasu aja.

"Penti yabwino," anatero.

"Mayi, ndaphunzitsa anthu zaka makumi atatu. Pakamwa pa munthu pamanama, koma thupi silinama. Thupi la amuna anu likundiuza kuti likudya zambiri kuposa zimene ndinalemba. Ndamufunsa, walumbira kuti sadya pena. Ndipo ndikumukhulupirira."

"Ine ndimatsatira pepala lanu," ndinatero, maso ali pa singano.

"Sindikukayika." Kenako anafunsa, "Kodi inu mumadya naye limodzi liti?"

"Pepala lanu silinanene zimenezo."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akufuna kufunsa kanthu kena. Kenako foni yanga inalira, kholo lina likufunsa za yunifolomu, ndipo nditamaliza kuyankha anali ataimirira kale.

"Kukakhala chilichonse chimene mukufuna kundiuza, mayi, khomo langa n'lotsegula. Sindine wa amuna anu okha."

Ndinamusokera zipi yake mokhota dala.

5

Itatsala milungu isanu ndi umodzi, kochi anachita zimene analonjeza. Anamuimika mwamuna wanga pagalasi la ku jimu, anamuzungulira kawiri, n'kumuuza kuti chaka chino sakalowa.

Mwamuna wanga anabwera kunyumba ngati mkuntho. Anaponya chikwama pansi, timabokosi n'kumwazika.

"Nkhalamba ija yandipusitsa! Milungu khumi ndikudya ngati wodwala, lero ikuti ndipume?"

"Mwina akunena zoona, abambo," ndinatero mofatsa. "Pumulani. Chaka chamawa chilipo."

"Ndikalowa. Afune asafune."

Mawa lake sanapite ku jimu yake. Anawoloka tauni kupita ku ina, kumene kunali mkulu wina amene anthu ankangomutcha Jekeseni. Dzinalo likukuuzani kale ntchito yake. Sanauze aliyense kuti wasiyana ndi kochi, ankachita manyazi. Anangotseka nambala yake pafoni.

M'chikwama munayamba kupezeka timabotolo topanda mapepala, ndi mapiritsi oyera amene ankati amachotsa madzi m'thupi. Ndipo taonani, sikelo inayamba kutsika. Inatsika mofulumira. Mitsempha inatuluka m'mikono, mimba inagawikana ngati njerwa.

"Mwaona?" anatero akudzisisita pamimba, akuseka koyamba patapita miyezi. "Vuto linali nkhalamba ija. Jekeseni ndiye amadziwa ntchito."

Ndinabwerera ku makina anga.

Mlungu womaliza anasiyiratu kumwa madzi. Milomo inang'ambika. Akamayenda ankagwira khoma. Kochi ananditumizira uthenga pafoni: "Mayi, ndamva kumene akupita. Muuzeni amwe madzi. Minofu ikayamba kukokana kapena mtima kuthamanga, thamangirani kuchipatala, musadikire."

Ndinamusonyeza uthengawo. Anaufufuta ndi chala chake.

6

Mpikisano unachitikira m'holo yaikulu, masana kukutentha. Ndinakhala pakati pa anthu osawadziwa, apongozi anga, mayi ake, ali pambali panga ndi kansalu kopukutira thukuta. Atamuitana mwamuna wanga, wolengeza anatchulanso dzina la kochi wake wakale, chifukwa ndi limene linalembedwa pa fomu miyezi yapitayo.

Mwamuna wanga anatuluka akunyezimira. Holo yonse inakuwa. Anakweza mikono, anatembenuka, anamwetulira. Kenako mwendo umodzi unauma ngati mtengo. Ndinaona maso ake akutembenuzika. Anagwa chagada, mutu n'kumenya matabwa.

Munthu woyamba kufika pasiteji anali wadazi, wotsimphina. Anali atabwera yekha osaitanidwa, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Ndi iye anamumasula mwendo wouma uja, ndi iye anakuwa kuti galimoto ibwere, ndi iye anamunyamula kumapewa. Jekeseni sanaonekenso, mpaka lero.

Kuchipatala dokotala anatiitanira pambali.

"Impso zake zavulala kwambiri. Mtima unatsala pang'ono kuima. Wakhala akumwa chiyani munthuyu?"

Apongozi anakhuthula chikwama chake pabenchi. Timabotolo tija tinagubuduka pansi. Anatembenuka, n'kumuona kochi ataima m'khonde la wodi, jekete ili m'manja.

"Ndiwe! Mfiti iwe! Unkafuna undiphere mwana chifukwa cha chikho?"

"Mayi, zimenezi sizinachokere kwa ine," anatero kochi modekha.

"Nanga kochi wake ndani? Sanakutchule dzina muholo muja?" Anandigwira mkono. "Mwana wanga, nena iwe. Si ameneyu amamuuza zochita?"

Anthu onse m'khondemo anandiyang'ana. Kochi nayenso anandiyang'ana, osati mokwiya, koma modikira.

Ndinayang'ana pansi. Ndinagwedeza mutu movomereza.

Mwamuna wanga atatsitsimuka patapita masiku atatu, anamva mayi ake akutukwana kochi, ndipo anangotseka maso. Nayenso sanawauze zoona. Apongozi anapita ku jimu ya kochi kuja n'kukaima pakhomo tsiku lathunthu akuuza aliyense wolowa. Mlungu usanathe, mwini jimu anamuuza kochi kuti asadzapondenso. Ophunzira ake onse anabalalika.

7

Mwamuna wanga anatuluka m'chipatala ataphwa ngati thumba lokhuthula. Dokotala anati impso zichira pang'ono, koma za mpikisano aiwale moyo wake wonse. Tsopano anali pakhomo tsiku lonse, monga ndinkafunira. Ankakhala pampando kuyang'ana pawindo. Ine ndinali m'kachipinda kanga, makina akulira. Nyumba inali chete kuposa kale.

Ndinasoka kolala ya shati mozondoka katatu tsiku limodzi. Pa mlungu wachisanu ndinalephera kupirira. Ndinafunsira njira, n'kupita kwa kochi.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake, akupala dzimbiri pa zitsulo zakale ndi burashi yawaya. Panalibe wina aliyense. Anandikokera benchi.

"A Kochi," ndinayamba, "ndine."

Sanasiye kupala.

Tsopano ndikuuzeni, owerenga, zimene ndinaganiza tsiku la keke lija. Ndinakumbukira lamulo lachitatu: thupi likapanda kufika, chaka chino sakalowa. Ndinati, ngati sakalowa, abwerera kunyumba. Ndiye kuyambira m'mawa wotsatira, ndikamaliza kuyeza chakudya pakasikelo kaja bwinobwino, ndinkatenga botolo la mafuta ophikira. Sipuni ziwiri mu mpunga uliwonse. Zina m'masamba. Shuga m'chakumwa chake cha ufa chimene ankatenga ku jimu. Timabokosi tisanu ndi kamodzi, tsiku lililonse, kwa milungu isanu ndi umodzi. Ankati chakudya chayamba kukoma chifukwa wazolowera.

Ndipo choipitsitsa si chimenecho. Tsiku limene ndinaona timabotolo ta Jekeseni, ndinachita mantha n'kusiya kuthira mafuta. N'chifukwa chake sikelo inatsika msanga. Iye anaganiza kuti ndi mapiritsi aja, n'kuwonjezera kumwa. Ndi dzanja langa ndinamuchotsa kwa munthu amene ankamuteteza, ndipo ndi dzanja lomwelo ndinamutsimikizira kuti wakupha uja ndiye katswiri.

Zonsezi ndinamuuza kochi, misozi ikugwera pa siketi. Nditamaliza anaika burashi pansi.

"Ndinadziwa, mayi. Tsiku la zipi lija."

"Bwanji simunamuuze?"

"Ndinalibe umboni. Komanso munthu wanjala, wokwiya ngati uja, ndikanamuuza kuti mkazi wako akukuthirira, inu mukanagona kuti? Ndinati ndikaimitsa mpikisano, nonse mupuma. Pamenepo ndinalakwa ine. Ndinayenera kukukhazikani pansi nonse awiri." Anapukuta manja. "Koma pali chimene chinandizunguza. Munati pepala langa silinanene zodyera limodzi. Anakupatsani mapepala angati?"

"Limodzi."

Analowa m'nyumba n'kubwera ndi kope lake. Anatsegula tsamba lina, lolembedwa ndi cholembera chabuluu chomwe chija. Ndinawerenga: "Lamlungu: osapita ku jimu. Thupi limakula likamapuma. Chakudya chamasana udye chilichonse chimene mayi aphika, patebulo, pamodzi nawo. Madzulo muyende limodzi."

"Limeneli ndinamupatsa tsiku loyamba, m'nyumba mwanu momwe," anatero. "Lamlungu ine sindiphunzitsa munthu. Sindikudziwa kumene ankapita."

Ndinakhala ndi kope lija m'manja. Miyezi yonse ija ndinkadana ndi munthu yekhayo amene anandiwerengera.

8

Ndinamupeza mwamuna wanga pampando womwe uja. Ndinakhala pansi patsogolo pake, n'kumuuza zonse, kuyambira sipuni yoyamba. Sanandidule. Nkhope yake inkangouma pang'onopang'ono.

"Inu?" anatero pomaliza. "Ndinkadzuka m'mawa uliwonse n'kumadziona ngati chitsiru pasikelo paja, inu mukundiyang'ana?"

"Inde."

"Impso zangazi..."

"Inde, abambo. Ndilibe podzikanira." Ndinapuma. "Koma ndaona pepala lachiwiri."

Anazizira. Anayang'ana kuchitseko cha kachipinda kachikasu.

"Lamlungu munkapita kuti?"

Mawu atatuluka, anali aang'ono ngati a mwana.

"Ku jimu ina. Nthawi zina ndinkangoyenda mumsewu mpaka kude. Ndikakhala patebulo ndi inu, ndinkaona mpando wachitatu. Sindinkatha, amayi. Chitsulo chikandilemera, mutu umasiya kuganiza."

Aka kanali koyamba m'zaka ziwiri kuti atchule za mwana wathu, ngakhale mozungulira. Tinalira tonse, iye pampando, ine pansi. Koma musaganize kuti misozi imachapa zonse. Mawa lake analongedza zovala.

"Sindikukusiyani," anatero ali pakhomo. "Koma panopa chilichonse chimene mungandipatse m'mbale, ndiziyamba ndachinunkhiza. Sindikufuna kukhala nanu chonchi. Ndikakhala kaye kwa amayi."

Tisanasiyane tinachita chinthu chimodzi pamodzi. Tinapita ku jimu ya kochi kuja madzulo, nthawi imene kumadzaza. Mwini wake anazimitsa nyimbo. Amuna akuluakulu anaika zitsulo pansi. Mwamuna wanga ananena za Jekeseni ndi timabotolo, kuti kochi anamuletsa kuyambira tsiku loyamba. Kenako ndinalankhula ine, telala wamng'ono pakati pa zimphona, za mafuta ndi shuga. Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Mwini jimu anaimbira kochi pomwepo. Kochi anabwerera pantchito, ngakhale ophunzira ena sanabwerenso. Mbiri yoipa imathamanga, yokonza imatsimphina. Apongozi anapita okha kukapepesa, koma ine mpaka lero sandiyankha moni.

9

Papita miyezi isanu ndi itatu. Mwamuna wanga sanabwerere. Akugwiranso ntchito, koma pa kauntala, matumba a simenti sanyamulanso. Katatu pa mlungu amapita kwa kochi yemwe uja, amene amamuchititsa timasewera topepuka mogwirizana ndi dokotala. Amandiimbira foni mwa apo ndi apo. Mwezi watha anabwera kudzatenga jekete, anakhala ola lathunthu, ndipo anamwa tiyi amene ndinamupangira. Anamwa osayang'ana m'kapu. Sindikudziwa ngati zimenezo zikutanthauza kanthu. Ndaphunzira kusathamangira kutanthauzira.

Ndimagona ndekha, ndimadzuka ndekha, ndimasoka. Kusungulumwa kumene ndinkathawa kunandipeza, ndipo kwabwera ndi manyazi pamwamba.

Inu amene mukuwerenga, makamaka achinyamata amene mukufuna thupi loti anthu aziliwombera m'manja, mverani ine amene ndinaona munthu akugwa pasiteji. Pezani wokuphunzitsani amene angathe kukuuzani kuti ayi. Wokuuzani kuti inde pa chilichonse amapezeka pakona iliyonse, ndipo tsiku limene mudzagwe simudzamuona. Wathu anatiuza ayi, tonse awiri tinamuda, koma ndi iye anathamanga ndi mwendo wake wolumala uja.

Ndipo inu akazi anzanga, ndi amuna omwe, amene mumadya nokha m'nyumba ya anthu awiri, musachite zanga. Ine ndinali ndi pakamwa. Ndikanatha kuima pakati pa iye ndi galasi lija n'kunena kuti, "Abambo, ndasungulumwa, ndipo mwana uja ndimamusowa ngati inu." Mwina akanakalipa. Mwina akanatuluka. Koma akanatuluka ndi impso zake zonse ziwiri zili bwino.

Mawu amenewo ndi ochepa, satenga ngakhale mphindi imodzi. Ndinawaopa kwa zaka ziwiri. Ngati muli nawo pakhosi lero, ndipo munthu wake akadali m'nyumbamo, musadikire kuti mumalize kuwerenga magazini ino.